Nyumba za Matayala pa Msewu wa ku Mfuwe

Mwezi wa Disembala ukafika, ife a ku Chipata maso amakhala kumunda. Chimanga chamera, udzu nawonso sunagone, ndipo mango apsa. Koma amene mumayenda pa msewu wa ku Mfuwe mwina mwaonapo magalimoto achilendo: aatali, a matayala akuluakulu, makatani m'mazenera, zigubu za madzi pamwamba. Ena manambala ake ndi a ku Germany kapena Netherlands, ena a ku South Africa. Magalimoto amenewa ndi nyumba za anthu. Eni ake amagona momwemo, kuphika momwemo, ndipo ena Khirisimasi imawapeza ali kuno.

Kodi n'chiyani chimachotsa munthu pakhomo pake m'nyengo imene ife timayesetsa kubwerera kumudzi? Choyamba ndi kuzizira. Ku Ulaya mwezi uno ndi wa chisanu choopsa, ndipo ku Germany dzuwa limalowa cha m'ma 4 koloko madzulo. Motero anthu ambiri amene anapuma pa ntchito amatseka nyumba zawo n'kutsata dzuwa. A ku Canada amatsikira ku Florida, Texas ndi Arizona, kumene kamzinda ka m'chipululu ka Quartzsite kamadzaza ndi magalimoto otere mu Januwale. A ku Ulaya ambiri amathera ku Spain, Portugal ndi Morocco. Olimba mtima ndiwo amakweza galimoto pa sitima yapamadzi mpaka ku Durban kapena Walvis Bay, n'kuyamba ulendo wa miyezi wodutsa m'maiko athu ano.

Chipata, amene kale ankatchedwa Fort Jameson ndipo anakwezedwa kukhala mzinda mu 2017, ali pa mphambano. Wochokera ku Lusaka amayenda makilomita pafupifupi 570 pa Great East Road. Wochokera ku Lilongwe amalowera pa chipata cha Mwami. Onsewa mtima uli ku South Luangwa, nkhalango ya nyama ya makilomita 9,050 m'bwalo lake, imene inakhazikitsidwa mu 1972. Koma nthawi ya dzinja mtsinje wa Luangwa umadzaza, misewu ya dothi imasanduka matope, ndipo misasa yambiri ya m'tchire imatsekedwa. Choncho mlendo amaimika galimoto pa malo ogona apaulendo, n'kumadikira kuti kunja kuche.

Moyo wa pamsasa si wa ulesi monga timaganizira. M'mawa bambo amatunga madzi kudzaza thanki, kupukuta magalasi a sola amene amapatsa moto firiji, ndi kusuzumira kunsi kwa galimoto. Mayi amachapa ndi kuyanika pa chingwe chomangidwa pakati pa mitengo iwiri. Apa pali phunziro limene mlendo amaliphunzira msanga: chovala choyanikidwa panja nyengo ya mango chiyenera kusitidwa, apo ayi ntchentche imaikirapo mazira ndipo mphutsi imalowa pakhungu. Madzulo ndi nkhondo ya udzudzu, pakuti malungo sasankha khungu. Mvula ikagwa tsiku lathunthu, anthu awiri amakhala m'kachipinda kochepa kuposa khitchini yathu. Banja losadziwa kukhululukirana silingathe sabata limodzi m'menemo.

Chakudya chikatha amabwera m'tauni. Timawaona pa msika wa Kapata akugula tomato, bowa ndi mango, ena atakwera njinga zathu za hayala, atagwiritsitsa mpando ndi manja onse awiri. Ndalama imeneyi imalowa m'thumba la mayi wogulitsa ndiwo, la mnyamata wopalasa njinga, ndi la makanika amene amawotcherera chitsulo chothyoka.

Tsiku la Khirisimasi ndi limene limaulula za mumtima. Kamtengo kapulasitiki kamaikidwa pa tebulo lopinda. Apaulendo amene dzulo sankadziwana amasonkha zakudya n'kudyera pamodzi. Kenaka aliyense amapatuka ndi foni yake kukaona nkhope za adzukulu amene ali kutali. Agogo amaseka, koma foni ikazimitsidwa pamakhala chete amene tonse timamudziwa.

Timamudziwa chifukwa nafenso tili ndi athu amene anadyapo Khirisimasi kuchilendo. Agogo athu anaidyera m'makomboni a migodi ku Wankie, ku Joni ndi ku Copperbelt. Lero ana athu ali ku Lusaka ndi ku Johannesburg, ena alibe ndalama yokwerera basi. Kusiyana kwake n'kwakuti alendo athuwa anasankha okha ulendo, pamene athu anathamangitsidwa ndi umphawi. Koma kupukwa kumudzi n'kumodzi.

Nanga tiwalandire bwanji? Tisalole ana athu kuthamangira galimoto atatambasula dzanja, chifukwa mwana wozolowera kupempha amataya ulemu wake ndi wa makolo ake. Tisakweze mtengo wa tomato poona khungu la wogula. Mlendo wonyengedwa amakauza anzake, ndipo iwo amadutsa osaima. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Tikakumana naye pa msika, kapena ataima kumbuyo m'tchalitchi cha St. Anne's osamva chinenero, timupatse moni ndi kumusendera pa benchi. Ndi zomwezo zimene tikufuna wina amuchitire mwana wathu ku Johannesburg usiku womwewo.