Chiletso cha Malonda pa Rhodesia ndi Fodya wa ku Kasungu

Pa 11 November 1965 boma la Ian Smith linalengeza kuti Rhodesia yachoka m'manja mwa Britain, pofuna kuti azungu ochepa apitirire kulamulira dziko la anthu akuda. Britain sinafune kutumiza asilikali. Inasankha chida china, ndicho chiletso cha malonda: kukana kugula za m'dzikomo ndi kukana kuligulitsa zimene likusowa, makamaka mafuta a galimoto, kuti kusowa kugwire ntchito imene mfuti ikadagwira. Mu December 1966 bungwe la United Nations linalamula maiko kuti aleke kugula fodya, shuga ndi katundu wina wa ku Rhodesia, ndipo mu May 1968 chiletsocho chinafika pa malonda pafupifupi onse. Chinachotsedwa mu December 1979, nkhondo ya m'tchire itapulula anthu ambirimbiri.

Ambiri amachiyesa chida chofatsa, popeza sichikhetsa mwazi. Ife amene tinaphunzira Thomas Aquinas Woyera tiyenera kufatsa nacho pang'ono. Iye anaphunzitsa kuti ntchito imodzi ikhoza kubala zipatso ziwiri, china chimene wochitayo akufuna, china chongotsatira. Ndipo aphunzitsi a pambuyo pake anaonjeza kuti choipacho chisakhale njira yofikira pa chabwinocho. Apa ndi pamene pagona vuto. Kodi m'chiletso cha malonda kuvutika kwa anthu wamba ndi kongotsatira chabe? Ife tikuona kuti ai. Kuvutikako ndiye njira yeniyeni: afinya anthu kuti olamulira amve kuwawa. Komatu wolamulira amakhala womaliza kugona ndi njala.

Ndimo zinachitikira. Boma la Smith linayamba kugula lokha fodya wa alimi achizungu, kumusunga ndi kumugulitsa mobisa. Mafuta sanaleke kulowa kudzera ku South Africa ndi Mozambique, ndipo lipoti la Bingham la 1978 linaonetsa kuti makampani a Shell ndi BP anali nawo m'malondawo, nthawi imene zombo za Britain zinkalondera doko la Beira. Amene analibe pobisala ndi antchito a m'mafamu, ambiri mwa iwo abale athu ochoka kuno ndi ku Mozambique, pakuti munda wa fodya ukachepa, woyamba kuuzidwa kuti ntchito yatha ndi wogwira khasu.

Koma tisaime patali ngati oweruza, chifukwa nkhaniyi inafika pakhomo pathu. Ogula a kunja, posowa fodya wa ku Rhodesia, anatembenukira kwina, ndipo Malawi, amene boma lake la Dr Banda linkanena kuti dziko losauka lopanda nyanja yamchere silingadule malonda ndi a kumwera, anapeza msika. M'zaka za m'ma 1970 maesiteti anafalikira m'chigwa cha Kasungu. Kampani ya General Farming, ya m'gulu la Press, inatsegula minda ikuluikulu ya fodya woumitsa ndi moto m'mabani, ndipo mwa akapitawo oyendetsa maesiteti munali azungu ochokera ku Rhodesia komweko. Chilango cha mnansi chinasanduka phindu lathu.

Tikati "lathu" tikunena yani? Munthu wa kwa Njombwa kapena dera lina la Kasungu sanali ndi ufulu wolima fodya wa mtengo wapamwambayo, pakuti lamulo la Special Crops Act la 1963 linkafuna chiphaso, ndipo ziphaso zinkapita kwa eni maesiteti, ambiri a iwo akuluakulu a boma ndi a chipani. Malo a makolo anasanduka a lizi, mitengo inathera m'mabani. Mlimi wa kumudzi ankagulitsa fodya wake wa chikopa ku ADMARC pa mtengo woikidwa ndi boma, kapena ankalowa utenanti, kulandira chimanga pa ngongole yodzadulidwa pokolola. Mpaka 1990 ndi pamene alimi ang'onoang'ono anayamba kuloledwa kulima fodya wa bale m'dzina lawo, patapita zaka 10 Zimbabwe italandira ufulu.