Tizilombo ta m'matumbo ndi kunenepa: zikhulupiriro ndi zoona

M'mafamase a muno mu Pretoria, ngakhalenso m'magulu athu a pa WhatsApp, mwadzaza malonda a ufa, makapisozi ndi tiyi zomwe akuti zimakonza tizilombo ta m'matumbo kuti munthu achepe thupi. Ambiri mwa ife Amalawi okhala ku Sunnyside, Mamelodi ndi Atteridgeville tikugula, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko la South Africa wa 2016 adapeza kuti amayi 68 ndi abambo 31 mwa 100 aliwonse ndi olemera kupitirira muyeso. Timadya zomwe eni dziko amadya, choncho vutoli ndi lathunso. Tisanataye ndalama zomwe tikadatumiza kumudzi, tiyeni tiunike zomwe timamva.

"Kunenepa kumasonyeza kuti ku Joni zikuyenda"

Tidakula tikuona njala, ndipo m'zaka zomwe Edzi idavuta munthu akaonda ankalozedwa chala. Nchifukwa chake tikafika kumudzi pa Khirisimasi n'kumva kuti "mwanenepatu", timasekerera. Koma mafuta ochuluka, makamaka a pamimba, amachititsa kuti thupi lisamvere insulin, ndipo zotsatira zake ndi matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi ndi sitiroko. Malipoti a Stats SA a imfa za mu 2016 ndi 2017 adaonetsa kuti shuga ndiye matenda amene adapha amayi ambiri kuposa ena onse m'dziko muno. Shuga amalowa mwakachetechete. Ambiri amadzadziwa maso atayamba kale kuchita khungu, impso zitafooka kapena bala la kuphazi litakana kupola.

"Tizilombo ta m'mimba n'toipa, tiyenera kutsuka m'mimba pafupipafupi"

Kusukulu adatiphunzitsa za kolera ndi njoka za m'mimba, ndiye tikamva za tizilombo timaganiza za matenda okhaokha. Zoona zake n'zakuti m'matumbo a munthu wathanzi muli mabakiteriya pafupifupi 38 thiriliyoni, ndipo ambiri ndi otithandiza. Amadya faiba, mbali ya nyemba, ndiwo zamasamba ndi gaga yomwe mimba yathu singathe kugaya, n'kutulutsa timaasidi monga butyrate ndi propionate. Timaasiditi timadyetsa khungu la m'kati mwa matumbo komanso timathandiza kutulutsa mahomoni a GLP-1 ndi PYY, omwe amauza ubongo kuti takhuta. Tiyi wotsegula m'mimba ndi mankhwala opopera kumbuyo sizichotsa mafuta. Zimachotsa madzi ndi mchere wa potaziyamu, zomwe zingasokoneze kagundidwe ka mtima. Kumwa maantibayotiki popanda dokotala nakonso kumapha tizilombo tabwino limodzi ndi toipa.

"Wonenepa alibe chochita, vuto ndi tizilombo take"

Chikhulupiriro ichi chidachokera m'kafukufuku weniweni. Mu 2013 gulu la Jeffrey Gordon la ku Washington University mumzinda wa St. Louis lidalengeza kuti lidatenga tizilombo ta m'matumbo a mapasa, wina wonenepa wina woonda, n'kutiika mu mbewa zoleredwa zopanda tizilombo. Mbewa zolandira ta wonenepa zidachita mafuta ambiri. Chaka chomwecho gululi lidalengeza zomwe lidapeza kwathu ku Malawi potsatira mapasa a m'mabanja 317: tizilombo ta ana otupikana ndi kwashiorkor tidaondetsa mbewa, makamaka mbewazo zikamadya chakudya chosowa michere. Onani kuti tizilombo sitidagwire ntchito patokha, tidayendera limodzi ndi chakudya. Komanso munthu si mbewa: madokotala atayesa kusamutsa tizilombo ta anthu oonda kupita mwa onenepa, sikelo siidasunthe kwenikweni. Kuipa kwa chikhulupirirochi n'kwakuti chimatigwetsa mphwayi, n'kusiya zomwe zili m'manja mwathu: chakudya, tulo, kuyenda ndi kuchepetsa zakumwa zotsekemera.

"Ufa wa prebiotic umasungunula mafuta"

Prebiotic ndi faiba yomwe mabakiteriya othandiza amaikonda, ndipo yodziwika kwambiri ndi inulin, yomwe makampani amaitenga m'mizu ya chikore. Palibe mafuta omwe imasungunula. Pa kafukufuku wa ku University of Calgary ku Canada mu 2009, akuluakulu onenepa omwe adamwa magalamu 21 a faiba ya mtunduwu tsiku lililonse kwa masabata 12 adatsika ndi kilogalamu imodzi yokha. Phindu lilipo, koma ndi laling'ono, ndipo akafukufuku ena sadapeze kusintha kulikonse. Ambiri akamwa ufawu wochuluka, mimba imafufuma ndi mpweya. Choopsa chachikulu n'chakuti munthu amathira ufawo m'kapu m'mawa, masana n'kudya buledi wa sphatlho wodzaza tchipisi, poloni ndi soseji ya Russian, pamwamba pake botolo la chakumwa cha shuga, mtima uli m'malo kuti mankhwala akugwira ntchito. Ena amafika posiya mapiritsi a shuga kapena a BP omwe adalandira ku kiliniki.

"Chilichonse chogulitsidwa poyera ndiye kuti boma lidachiyesa"

Timakhulupirira botolo lomata bwino, makamaka likalembedwa kuti ndi la zitsamba. Bungwe loona za mankhwala m'dziko muno, SAHPRA, lili konkuno ku Pretoria, koma mankhwala ambiri owonjezera m'thupi sadaunikidwe nalo. Tembenuzani botolo: pa ambiri padalembedwa m'zilembo zing'onozing'ono kuti SAHPRA sidayese ubwino wake, chitetezo chake kapena ntchito yake. Za pa WhatsApp ndi za m'mphepete mwa msewu ndiye n'zoopsa koposa. M'maiko ambiri tiyi ndi khofi wochepetsa thupi wapezeka atasakanizidwa mobisa ndi sibutramine, mankhwala omwe adachotsedwa pamsika mu 2010 chifukwa chowonjezera chiopsezo cha matenda a mtima ndi sitiroko. Amene ali pa ma ARV, amayi oyembekezera ndi odwala impso asamwe chilichonse chotere asanafunse namwino kapena dokotala.

"Wodya mosadziletsa ndi wosusuka basi"

Kwathu kususuka n'kochititsa manyazi, ndipo mwana amadzudzulidwa nako akadali wamng'ono. Koma pali matenda omwe madokotala a maganizo a ku America adawavomereza mu 2013: munthu amadya chakudya chambiri m'kanthawi kochepa, akumva kuti sangathe kusiya, nthawi zambiri mobisala, kenako n'kudzida. Zikamachitika kamodzi pa sabata kwa miyezi itatu, amenewo ndi matenda. Tizilombo tingakhale ndi mbali yake: mu 2022 ofufuza a ku Caltech adaona kuti mbewa zopatsidwa maantibayotiki zinkadya zotsekemera zambiri kuposa zinzake. Koma palibe prebiotic yovomerezeka kuti imachiza vutoli mwa anthu. Chodziwika bwino n'chakuti limakula ndi nkhawa, kusungulumwa ndi kudzimana chakudya. Wogwira ntchito ya m'nyumba kapena ya m'gadeni amene wadzuka 4 koloko kuthamangira takisi, n'kuswera ndi tiyi yekha, akafika madzulo thupi limafuna kubweza zonse nthawi imodzi. Thandizo lenileni ndi kudya pa nthawi zokhazikika ndi uphungu wa akatswiri a maganizo, omwe tingaufunse ku kiliniki kapena ku bungwe la SADAG. Kumuseka munthu wotere kumangomupititsa kukadya kumbali.

"Chakudya chabwino m'matumbo n'cha anthu a ndalama"

Mu 2015 Stephen O'Keefe wa ku University of Pittsburgh adalengeza zomwe adapeza atasinthanitsa zakudya za anthu akuda 20 a ku America ndi anthu 20 a kumidzi ya KwaZulu-Natal kwa masabata awiri. Aamereka atadya za chimanga, nyemba ndi masamba, butyrate adachuluka m'matumbo mwawo ndipo zizindikiro za chiopsezo cha khansa ya m'matumbo zidatsika. A kumudzi atadya za mafuta ndi nyama yambiri, zidawatembenukira. Chakudya chomwe chidapambanacho n'chofanana ndi chomwe tidakulira: mgaiwa, nyemba, nandolo, khobwe, nzama, mbatata, bonongwe, nkhwani wotendera. Kuno tili ndi ufa wa mabele, samp wa nyemba, masamba a morogo, phala la ting ndi amasi, chambiko cha kuno. Anyezi, adyo ndi nthochi zili ndi prebiotic yomweyo ya m'botolo, ndipo ku Marabastad ndi ku msika wa Tshwane n'zotsika mtengo.

Bungwe la WHO limalangiza akuluakulu kudya magalamu 25 a faiba ndi magalamu 400 a masamba ndi zipatso tsiku lililonse, kapena kuposerapo. Tiyambe pang'onopang'ono kuti mimba izolowere: nyemba kangapo pa sabata, mitanda ya nsima yocheperako, masamba ochulukirapo, madzi m'malo mwa zakumwa zotsekemera. Ndipo aliyense amene lamba wayamba kumuthina apite ku kiliniki akayezetse shuga ndi BP mwezi uno, asanagule botolo lina.