TIULUSI TIMENE TISANKHULA KATUNDU M'THUPI

Thupi la munthu linamangidwa ndi tizipinda ting'onoting'ono tochedwa maselo. Maselo a m'ciwindi ali ndi nchito yocotsa m'magazi mafuta ochedwa kolesterolo, amene akacuruka amatseka mitsempha ya mtima.

Pa khungu la selo liri lonse pali timbedza togwira mafutawo. Kambedza kakagwira, khungu limapindikira m'kati, ndipo kambedza ndi mafuta zimalowera pamodzi m'kathumba kochedwa endosome. Michael Brown ndi Joseph Goldstein a ku Dallas, amene analandira mphotho ya Nobel mu 1985, anaonetsa kuti mafuta amatumizidwa kukaphwanyidwa, koma kambedzako kamabwerera kunja kukagwira ena. Ulendo wace umatenga mphindi ngati 10 cabe.

Nanga m'kathumbamo asankhula ndani copita ndi cobwerera? Mu 2009 akatswiri a ku France ndi ku America anapeza kuti gulu la mapuloteni lochedwa WASH limameretsa tiulusi ta actin pamwamba pa kathumbako. Actin ndiyo yomweyo imene ithandiza minofu yathu kukoka. Tiulusito timathandiza kusonkhanitsa zobwerera mbali imodzi, kumene kathumba kamaturutsa kampope kopyapyala. Kampopeko kamaduka nkunyamula timbedza kupita nato kunja.

Nkhaniyi si ya m'mabuku mokha ai. Mu 2016 kunapezeka kuti njira imeneyi ikaonongeka m'ciwindi ca mbewa, timbedza tambiri timasocera, ndipo kolesterolo imakwera m'magazi. Anthu ena obadwa ndi cirema m'mapuloteni ogwira nchito pamodzi ndi WASH anapezekanso ndi kolesterolo yocuruka.