Kuphunzitsa Mau a Luso: Ulendo wa kwa Oumba Mbiya

Ana ambiri a ku Linda, m'tauni ya Livingstone, amadziwa "poto" koma sanamvepo za nkhali. Luso likazimirira, mau ake nawonso amaiwalika. Cifukwa cake mphunzitsi wa Cinyanja ayenera kupita ndi ana kumudzi kumene amai akali kuumba.

Ayambe wapempha cilolezo kwa mfumu. Pofika, ana apenyerere nchito yonse, nalembe maina monga mphika wa ndiwo, nkhali ya nsima, mtsuko wa madzi ndi phale, ndiponso aneni monga kukanda, kuumba, kusalaza, kuumitsa ndi kuocha.

Oumba ambiri m'dera lino amalankhula Citonga, koma ici sicopinga. Iwo akati "kubumba" ndi "bulongo", ana ayerekeze ndi "kuumba" ndi "dongo", kuti adzionere okha ubale wa zinenero za Cibantu.

Pobwerera, apitire ku Livingstone Museum, imene inayamba mu 1934. Kumeneko mphunzitsi afotokoze kuti mapale ofukulidwa ku Dambwa amasonyeza kuti anthu anali kuumba kuno zaka zoposa 1,000 zapitazo. Tsiku lotsatira, mwana aliyense alembe ndondomeko ya kaumbidwe ka mphika.