Sitima za Apaulendo Zimene Zinasanduka Mabwalo a Ndege

Anzanga ophunzira, ife a ku Chileka ndi ku Lirangwe tinazolowera kuona ndege zikulunjika ku bwalo la Chileka. Bwalolo n'lalitali ndipo silisuntha. Koma kodi munamvapo za bwalo la ndege loyenda pamadzi?

Kusandutsa sitima kuti itumikire pankhondo si chinthu chachilendo kwathu kuno. Pa nkhondo imene inayamba mu 1914, boma linatenga Chauncy Maples, sitima ya mishoni, kuti izinyamula asilikali pa nyanja yathu. Koma zimene anachita a ku America pa nkhondo yachiwiri zinaposa pamenepa.

Mu 1942 dziko la America linafuna anyamata ambiri odziwa kutsitsa ndege pa zombo zankhondo. Kuwaphunzitsira m'nyanja zamchere kunali koopsa, pakuti adani anali kubisala m'menemo ndi zombo zoyenda pansi pa madzi. Tsono anasankha Lake Michigan, nyanja ya madzi okumwa monga yathuyi, imene adaniwo sakanatha kufikako.

Anagula Seeandbee, sitima yotentha malasha ndi yopalasa madzi ndi magudumu aakulu a m'mbali, imene inkanyamula anthu pakati pa Cleveland ndi Buffalo. Amisiri anagumula zipinda zonse zapamwamba, nayala denga lathyathyathya la matabwa lotalika mapazi 550, ndiko kunena bwalo la mpira limodzi ndi theka. Anaitcha dzina latsopano, Wolverine. Mu 1943 sitima inanso, Greater Buffalo, inakonzedwa chimodzimodzi, nitchedwa Sable.

Kutsika pa bwalo lalifupi chotere kunali motere. Sitima inkayenda molunjika kumene kukuchokera mphepo, kuti mphepoyo ichepetse liwiro la ndege. Padengapo anamangapo zingwe zachitsulo zopingasa, ndipo ndege inali ndi ngowe kumchira. Ngowe ikakola chingwe, ndege inkaima pomwepo. Tsiku lopanda mphepo ntchito inkavuta, chifukwa sitimazi sizinali zaliwiro.

Wophunzira ankanyamuka ku Glenview, pafupi ndi Chicago, ndipo anayenera kutsika ndi kunyamukanso kasanu ndi katatu asanayesedwe wokhoza. Anyamata oposa 17,000 anakhoza mayeso amenewa. Mmodzi wa iwo anali George H. W. Bush, amene pambuyo pake anakhala Pulezidenti wa America. Komabe ndege zoposa 100 zinamira m'nyanjamo, ndipo ophunzira ena anataya miyoyo yawo.

Nkhondo itatha mu 1945, sitima zonse ziwiri zinaphwasulidwa. Zina mwa ndege zomira zija anazivuula, ndipo anthu amapita kukaziona m'nyumba zosungiramo zinthu zakale. Sitimazi sizinaombe mfuti ngakhale kamodzi, koma zinali sukulu, ndipo amene anaphunzirapo ndiwo anakamenya nkhondo ku nyanja ya Pacific.