Kodi mumadziwa? Rauta ikamadzikonza, manja kumbuyo

Kodi mumadziwa kuti rauta ya pakhomo panu ili ndi pulogalamu yakeyake m'kati, yotchedwa firmware? Opanga amatumiza yatsopano nthawi ndi nthawi, makamaka kuti atseke mipata yolowera mbava za pa intaneti. Ikamalowa, rauta imazima n'kuyakanso, Wi-Fi imasowa kwa mphindi zingapo, filimu pa TV imaima, kachizindikiro kaja n'kumangozungulira. Palibe chawonongeka.

Koma kodi mumadziwa kuti mphindi zomwezo ndi pamene rauta ikhoza kufera? Malaiti akapita pulogalamuyo itangolowa theka, kabokosiko kakhoza osadzukanso. Ife a mu Lusaka nkhaniyi tisaitenge mopepuka. Mu 2024, chilala chitachepetsa madzi ku Kariba, ZESCO inafika pozimitsa magetsi maola 21 pa tsiku. Ndinaona ndi maso anga rauta ya mnansi wanga ku Chelstone itafa motero: kanyali kamodzi kakuphethira usiku wonse, ana atakhala pa mphasa rimoti ili m'manja. Musanadine batani la update, lumikizani rauta yanu ku inverter kapena ku ka UPS kakang'ono. Marauta ambiri a m'nyumba amafuna mavolti 12 okha.

Kodi mumadziwa kuti Fire TV Stick, Chromecast kapena Android box sizindikira rauta yeniyeniyo? Imangosunga dzina la Wi-Fi ndi pasiwedi. Update ikabwezera rauta ku dzina la kufakitale, lija lolembedwa pa kapepala ka kunsi kwake, ingobwezerani dzina ndi pasiwedi zakale ndendende, zilembo zazikulu pomwe zinali. Zipangizo zonse zibwerera zokha.

Nanga pasiwedi ili yolondola koma chipangizo chikukanabe? Onani zachitetezo mu rauta. Njira yachitetezo ya WPA3 inatuluka mu 2018, ndipo zipangizo zambiri zakale zimangomva WPA2. Sankhani pomwe palembedwa WPA2/WPA3.

Kodi mumadziwa kuti marauta ambiri amaulutsa pa njira ziwiri? Ya 2.4 GHz imaboola makoma n'kufika patali, ndiye imathandiza m'nyumba zazikulu za ku Kabulonga ndi Woodlands. Koma m'mafulati a ku Kabwata, komwe foni imaonetsa mndandanda wa ma Wi-Fi a anthu oyandikana nawo, njirayi imadzaza ngati msewu wa Cairo Road madzulo. Kumeneko 5 GHz ndiyo yabwino, bola TV ili pafupi ndi rauta. Chromecast yoyamba, ya 2013, simva 5 GHz ngakhale pang'ono. Ngakhale microwave ya kukhitchini imasokoneza 2.4 GHz ikamatenthetsa ndiwo.

Chomwe chimandipweteka kwambiri ndi kuona munthu akuthamangira factory reset, kufufuta zonse chifukwa cha vuto la mphindi zisanu. Mu Marichi 2025, ma Chromecast a m'badwo wachiwiri anasiya kugwira ntchito padziko lonse satifiketi yawo ya chitetezo itatha nthawi. Google inapempha anthu kuti asafufute kanthu, ndipo amene anali atafufuta kale analephera kuwalumikizanso mpaka kampaniyo itakonza vutolo. Choyamba dikirani kuti tinyali ta rauta tisiye kuphethira, kenako zulani kachipangizo ka pa TV kaja pa magetsi, muwerenge mpaka 30, mulumikizenso.

Ngati TV kapena box yanu ili ndi polowetsa chingwe cha Ethernet, kagulenitu chingwecho ku Town Centre Market. Dzina la Wi-Fi likasintha, TV ya pachingwe imapitiriza kuonetsa mpira rauta ikangoyaka.