KANTHU KOPANA CHALA KU CHIPATALA

Amayi ambiri amene apita ndi ana ku chipatala masiku ano akubwerako ndi funso. Akuti a dokotala asanalembe mankhwala anatenga kanthu kooneka ngati chopanira zovala pa chingwe, nakapana pa chala cha mwana. M'kati mwake munayaka kamoto kofiira, ndipo pa kagalasi panatuluka manambala. Ena anachita mantha poyesa kuti kamotoko kamtentha mwanayo, ena amanong'onezana pa benchi kuti kakuyamwa magazi. Tsono tati tifotokoze m'nyuzi yathu ino kuti anthu a m'midzi adziwe ntchito ya kanthuka, pakuti zimene kamanena nthawi zina ndi nkhani ya moyo ndi imfa.

Dzina lake pa Chingerezi ndi pulse oximeter. Sikabaya, sikatentha, sikachotsa ngakhale dontho limodzi la magazi. Ntchito yake ndi kuyesa mpweya umene uli m'magazi a munthu.

Mpweya umene timapumawu si wonse uli ndi ntchito m'thupi. Gawo limodzi mwa magawo asanu ndilo okosijeni, ndipo ameneyu ndiye amasunga moyo. Akafika m'mapapo amalowa m'magazi, magazi namtenga kupita naye ku ubongo, ku mtima ndi ku ziwalo zonse. Magazi okhuta okosijeni ndi ofiira kowala, pamene magazi amene okosijeni wachepa ndi oderako. Diso la munthu silitha kuona kusiyana kumeneku kupyolera m'khungu, koma kanthu aka kamatha. Usiku tengani tochi, muphimbe galasi lake ndi chala: muona chalacho chikufiira, chifukwa kuwala kumapyola mnofu. Chomwechonso kopanira chala kaja. Mbali imodzi kali ndi tinyale tiwiri, kena kofiira kamene mumaona, kena kotulutsa kuwala kumene maso athu saona. Mbali inayo kuli kadiso kolandira kuwala kumene kwapyola chala. Magazi osowa mpweya amatsekereza kwambiri kuwala kofiirako, magazi okhuta mpweya amakulola kudutsa. Makina amayerekeza ziwirizi nalemba nambala.

Mwini nzeru imeneyi anali munthu wa ku Japan, dzina lake Takuo Aoyagi. M'chaka cha 1972 iye anali kuyesa kupima mphamvu ya mtima ndi kuwala, ndipo kugunda kwa magazi m'mitsempha kunali kumsokonezera ntchito. Pofuna kuchotsa chosokonezacho anatulukira kuti m'kugunda momwemo ndimo muli yankho, pakuti magazi amene amagunda ndi amene angochokera ku mapapo ndi ku mtima. Makina ake oyamba anali opana khutu, opana chala anabwera pambuyo. Bamboyu anamwalira mu April 2020, nthawi yomwe matenda a Covid-19 anali kufala ndipo kanthu kake kanali kufunidwa m'zipatala za dziko lonse.

Pa kagalasi pamatuluka manambala awiri, ndipo musawasokoneze. Ina ndi ya kugunda kwa mtima, ndipo kwa mwana wamng'ono imapitirira 100 popanda chovuta. Inayo ndiyo ya mpweya, ndipo siipitirira 100. Munthu wabwinobwino amakhala pakati pa 95 ndi 100. Ikatsika kufika pansi pa 90, pamenepo pali ngozi: wodwalayo afunika kupatsidwa mpweya ku chipatala chachikulu tsiku lomwelo. Funsani anamwino kuti akuonetseni nambala ya mwana wanu, palibe choletsa.

Kwa ife a m'midzi kanthuka kamathandiza makamaka pa chibayo. Nthenda imeneyi imagwira mapapo, timatumba ta mpweya nitidzala madzi ndi mafinya, kotero kuti mwana amapuma ndithu koma mpweya sulowa mokwanira m'magazi. Bungwe la WHO, loyang'anira za umoyo pa dziko lonse, linawerenga kuti m'chaka cha 2019 chibayo chinapha ana oposa 740,000 osakwana zaka zisanu. Kale a chipatala ankayang'ana milomo ndi lilime ngati zada, koma chizindikiro chimenechi chimachedwa kuoneka, ndiponso pa khungu lakuda ngati lathuli sichioneka msanga. Kuyambira 2012 mpaka 2014 tizipangizo timeneti tinayesedwa m'zipatala zing'onozing'ono ndi kwa alangizi a za umoyo m'maboma a Lilongwe ndi Mchinji, pa ana pafupifupi 14,000 odwala chibayo. Kunapezeka ana ambiri amene mpweya wawo unali wotsika koopsa, koma poyang'ana ndi maso okha akanangopatsidwa mankhwala akumwa ndi kubwezedwa kumudzi.

Apa tsono ndi pamene pagona vuto. Mayi akauzidwa kuti atenge mwana apite naye ku chipatala cha boma, amayang'ana mwanayo naona kuti akuyamwa pang'ono, sakukomoka, ndipo amati ayambe wapita kwawo kukauza bambo, kapena kudikira mwini mbumba amene ali kutali. Inu abambo, inu amalume, mverani: mwana wosowa mpweya sadikira msonkhano wa abale. Gwirizanani lero, mwana asanadwale, kuti a chipatala akatero mayi ali ndi chilolezo chopita pomwepo, ndipo uthenga utsatire pambuyo. Ndalama ya ulendo wotere ikhale padera, isalowe ku fetereza.

Palinso mphekesera imene yafala m'madera ambiri, yakuti mpweya wa ku chipatala umapha, kuti mwana akaikidwa timapaipi m'mphuno ndiye kuti kwatha. Tidziwa kumene mawuwa achokera. Anthu aona ana akumwalira ali pa mpweya, ndipo ndi zoona. Koma taganizani, ndi ana otani amene amaikidwa pa mpweya? Ndi amene adwala kwambiri, ndipo ambiri afika mochedwa, nthenda itadya kale mapapo. Mpweyawo ndi okosijeni yemweyo amene tonse tikupuma pano, kungoti makina amupatula kuti akhale wochuluka. Amamsunga mwana pamene mankhwala akulimbana ndi nthenda. Amene amachotsa timapaipi usiku anamwino asakuona akumlanda mwanayo thandizo lomwe anamuyendera mtunda wonsewo.

Komatu kanthuka si mlauli, ndipo kamanyengeka. Kopanira ka munthu wamkulu sikagwira bwino chala cha khanda, kuwala kumangodutsa m'mbali. Ndicho chifukwa chake mudzaona anamwino akupana chala chachikulu cha kuphazi, kapena akukulunga kalamba kofewa pa phazi lonse la khandalo. Chala chikazizira, monga zimachitikira m'mawa mu Juni ndi Julayi, magazi sayenda bwino ndipo nambala imavuta kutuluka. Mufunditseni mwana, mumtikite dzanja. Akamalira ndi kupalapata, nambala imadumphadumpha, ndiye mpatseni bere akhale chete, ndipo musatope ngati anamwino achedwa pang'ono. Utoto wa m'zikhadabo ndi dothi la kumunda nazonso zimatchinga kuwala.

Pali zina zoopsa kuposa izi, pamene nambala imaoneka yabwino koma munthu ali pa ngozi. Mwana amene malungo amutha magazi atha kuonetsa 98, pakuti magazi ochepa otsalawo ndi okhuta mpweya ndithu. Kanthuka sikawerenga kuchuluka kwa magazi. Munthu amene wagona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka, nadzuka mutu ukuwawa ndi chizungulire, magazi ake agwira mpweya woipa wa makala umene sununkha, ndipo makina amauyesa okosijeni. Ngati zinali choncho, nenani kwa a dokotala, iwo sangadziwe okha. Ndiponso m'chaka cha 2020 madokotala a pa University of Michigan ku America anapeza kuti kanthuka kamaphonya kuchepa kwa mpweya mwa anthu akuda pafupifupi katatu kuposa mwa azungu, chifukwa khungu lakuda limasintha kayendedwe ka kuwala ndipo nambala imakwerako pang'ono. Nkhani imeneyi ikutikhudza ife eni ake, ndipo opanga makinawa ali ndi mlandu woti akonze. Pakali pano a chipatala amayang'ana nambala ndi wodwala yemwe. Ngati nambala ili bwino koma inu mukuona kuti mwana wanu sali bwino, nenani, musachite manyazi.

Kumudzi kulibe kanthu kopana chala, koma maso muli nawo, ndipo wotchi kapena foni siisowa kwa anansi. Mwana akamatsokomola, mvuleni malaya ali chete, osalira, muwerenge kupuma kwake kwa mphindi imodzi yathunthu. Khanda losakwana miyezi iwiri likapuma ka 60 kapena kuposa, mwana wa miyezi iwiri mpaka 11 akapuma ka 50, wa chaka chimodzi mpaka zaka zisanu akapuma ka 40, kumeneko ndi kupuma kofulumira, mupite naye ku chipatala tsiku lomwelo. Yang'ananinso m'munsi mwa nthiti: ngati pakulowa m'kati pamene mwana akukoka mpweya, kapena akukana bere, akusanza chilichonse, akukomoka, kapena akungogona osadzutsika, musadikire kuti kuche.